Mukufuna kuphunzira djembe ya ku Guinea? Yambirani apa

Djembe yafala mu Lilongwe muno, m'makwaya ilimo, m'magulu a achinyamata ilimo, ena mpaka anangoiimika pabalaza kuti izikongoletsa nyumba. Chomwe chimandiwawa n'choti ambiri akungoimenya mwachisawawa, manja kuthamanga, phokoso lokhalokha, pomwe ng'oma imeneyi ili ndi eni ake komanso dongosolo lake. Ndiye ngati mukufunadi kuiphunzira, choyamba dziwani kaye kwawo.

Kwawo ndi kwa a Malinke, kumpoto chakum'mawa kwa Guinea uko, madera a Kankan, Kouroussa ndi Siguiri mpaka kulowa m'dziko la Mali. Ndikunena Guinea ya likulu Conakry, osasokoneza ndi Guinea-Bissau. Kalelo ankasema ng'omayi ndi mabanja a osula zitsulo otchedwa numu. M'dzikomo mulinso a Fula kumapiri a Fouta Djallon omwe amadziwika ndi chitoliro chawo cha tambin, a Susu ndi a Baga kunyanja, a Kpelle, a Kissi ndi a Toma kunkhalango kummwera, aliyense ndi magule ake. Zonsezi zinafika pasiteji imodzi chifukwa cha gulu la zovina la Les Ballets Africains lomwe Fodéba Keïta, wa ku Guinea komweko, anayambitsa ku Paris mu 1952, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1958 boma la Sékou Touré linalitenga kukhala gulu la dziko. N'chifukwa chake lero pa djembe mumamveka magule a mitundu yosiyanasiyana, ena oti poyamba ankaimbidwa ndi ng'oma zina.

Pogula musakomedwe ndi zosemasema za pathupi. Zambiri zomwe amagulitsa limodzi ndi ziboliboli ku Old Town ndi za alendo zokapachika kukhoma, sizoimbira ayi. Yeniyeni imakhala ya mtengo umodzi wolimba, yolemera ndithu mukainyamula, kutalika cha m'ma 60 cm, pakamwa pake potambalala 30 cm kapena kuposerapo pang'ono. Chikopa chikhale cha mbuzi chometedwa bwino, ndipo muchiyang'anitse padzuwa kuopa timabowo ndi zipsera za mpeni. Yendetsani chala m'mphepete monse, pakakhala pokumbika kapena pakuthwa isiyeni, idzakupwetekani manja. Pisaninso dzanja m'kati muone ngati mulibe mng'alu. Ndipo chonde, djembe sitiwamba pamoto komanso sitimata phula, imakungidwa ndi zingwe, mumaluka chingwe chotsalacho mopingasa kuzungulira ng'oma mpaka mawu akwere. Nthawi ya mvula chikopa chimafooka, musaisiye pasimenti, ikulungeni m'chitenje muike pamwamba.

Khalani kutsogolo kwa mpando, ng'oma pakati pa miyendo, muipendeketse pang'ono kuloza kutsogolo kuti kunsi kutseguke, mukaikhazika chiimire pansi mawu aakulu aja satuluka. Mphete, wotchi, zibangili, vulani zonse. Mawu ake alipo atatu basi koma apa m'pomwe pagona ntchito yonse. Oyamba ndi aakulu, chikhatho chonse pakati pa chikopa, dzanja lidumphe lokha osalikanikiza, tiwatche kuti du. Achiwiri m'mphepete, zala zinayi zogundana zowongoka, chala chachikulu chili kunja kuti chisamenye mtengo, amenewa ndi te. Achitatu malo ake ndi omwewo koma zala mumazimasula, zimagwa mofewa nsonga zake n'kuthyapa chikopa, pa! Oyamba kumene amaganiza kuti pa ndi kumenya mwamphamvu, ayi ndithu, mukatero mungotupa zala n'kutuluka matuza. Wodziwa amatha kuimba pa motsitsa kwambiri koma n'kumveka kuti ndi pa. Tengani mphindi khumi kapena makumi awiri tsiku lililonse, te te pa pa, kumanja kumanzere, pang'onopang'ono, mudzijambule pafoni mumvetsere ngati munthu wosaona manja anu angasiyanitse. Dzanja lamanzere limachita ulesi, lipatseni nthawi yochuluka. Ndipo kwa ife okhala nyumba za lendi zogundizana ku Kawale, Chinsapo kapena Area 25, yalani thaulo pachikopa kapena pitani kubwalo la sukulu madzulo, aneba asadane nanu.

Tsopano chinthu chomwe ambiri sachidziwa, ndipo kwa ine ndiye chachikulu, djembe siyenda yokha. Gule amagona pa ng'oma zitatu za chikopa cha ng'ombe zomenya ndi ndodo zotchedwa dunun. Yaing'ono ndi kenkeni, imasunga nthawi. Yapakati ndi sangban, imeneyi ndi yomwe imauza ovina kuti gule ameneyu ndi wakuti. Yaikulu ndi dundunba, imagunda pansi kupereka kulemera. Iliyonse imakhala ndi kabelu kachitsulo komwe dzanja linalo limamenya. Ndiye musaphunzire nokha, pezani anzanu atatu kapena anayi. Dunun mulibe? Musadandaule, ng'oma zathu zomwezi zosiyana kukula zigwira ntchito, ngakhale zigubu, ndipo khasu lakutha ndi msomali waukulu ndi belu lokwanira. Aliyense aphunzire mbali zonse muzisinthana, amene akukana kugwira kenkeni chifukwa akufuna kuonekera pa djembe ameneyo adzakusokonezerani gulu.

Gule woyambira ndi Kuku. Anachokera kudera la Beyla, kummwera chakum'mawa kwa Guinea, ankavina azimayi pobwera kokagwira nsomba, ndipo ndi wosavuta kulowa m'thupi. Mbali yomwe ambiri amayambira pa djembe ndi du, tete, pa, mobwerezabwereza osawonjezera kanthu. Imbani kaye ndi pakamwa, mukutsuka mbale kaya muli mu minibasi, chomwe pakamwa palephera manja sangachithe. Phunziraninso kachizindikiro kafupi komwe wotsogolera amaimba poyamba, posintha sitepe ndi pomaliza, popanda kameneka gulu limangotha mosokonekera. Kuku akakhazikika pitani pa Kassa, gule wa a Malinke wolimbikitsa olima kumunda, kenako Yankadi wa a Susu, wodekha, wa anyamata ndi atsikana pofunsirana, yemwe amatsatana ndi Makru wothamanga. Dununba, gule wa amuna amphamvu wa kudera la Hamana cha ku Kouroussa kuja, musamuthamangire, kenkeni wake amagwa pomwe khutu silikuyembekezera ndipo amasokoneza ngakhale oti aimba zaka.

Aphunzitsi abwino alipo pa YouTube koma zosokoneza ziliponso zambiri, ndiye musamwaze bandulo. Sakani Mamady Keïta, yemwe anabadwa mu 1950 m'mudzi wa Balandougou ku Guinea n'kumwalira mu 2021, ndi Famoudou Konaté wa ku Hamana yemwe anatsogolera ng'oma mu Les Ballets Africains zaka zoposa 20. Awiriwa amafotokoza gule aliyense mtundu wake ndi nthawi yake. Chitani dawunilodi vidiyo imodzi muionere kambirimbiri, ndipo sakaninso mavidiyo a kumidzi komweko, fumbi lili kobo, osangoti a pasiteji okha.

Mukamaonera a kumudziwo maso anu akhale pa wotsogolera. Sayang'ana ng'oma, amayang'ana mapazi a wovina. Mayi akalowa m'bwalo woimba amamuyandikira, phazi likamenya pansi, mawu aja a pa akugwa pomwepo, wovina akatentha iye amathamangitsa manja mpaka kumutsekera ndi chizindikiro chija, wina n'kulowa. Amene munakulira ku Dedza, Dowa kapena Mitundu izi si zachilendo, ndi momwe wa mbalule amatsatira mapazi a gule. Choncho m'gulu mwanu mukhale ovina kuyambira tsiku loyamba, ngakhale awiri okha, ndipo nyimbo yake muziimbanso ndi pakamwa ndi kuwomba m'manja.

Magule ena ndi a miyambo. Soli ndi wa nthawi ya chinamwali cha anyamata, Kakilambe ndi wa chigoba cholemekezeka cha a Baga. Pasiteji amaimbidwa, inde, koma mukaitanidwa ku ukwati kapena kusukulu sankhani Kuku, Kassa kapena Yankadi, ndipo musanayambe auzeni anthu dzina la gule, mtundu wake ndi nthawi yomwe eni ake amavina.