Mmene ndinakonzera transfer case ya Hilux yanga

Transfer case ndi bokosi lomwe limagawa mphamvu ya injini kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo. Vuto linayamba dzinja lathali ndikupita kumudzi mmatope muja. Ndikalowetsa 4H (yoti matayala onse anayi azikoka) nkuponda moto pokwera mtunda, pansi pamamveka kuti gu! gu! ngati chitsulo chikudumpha, koma pa 2H (pokoka matayala akumbuyo okha) galimoto imayenda bwinobwino. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi propshaft yakutsogolo (chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu kumatayala), ndinaigwedeza koma ma joint anali olimba.

Nditatsegula pulagi yokhetsera oilo wa mu transfer case ndipamene mtima unagunda, munangotuluka pang'ono kwakuda bii, kuli ndi tizitsulo tonyezimira. Seal yakumbuyo (kamphira kotchinga oilo) inkadontha kalekale ine osaona chifukwa cha matope omwe anamata pamenepo.

Ndinalemba chizindikiro pa ma propshaft onse awiri ndisanamasule, izi musaiwale abale, mukabwezera mosemphana galimoto imatha kunjenjemera. Kenako ndi mlamu wanga tinatsitsa bokosilo pa jeke, ndilolemera ndithu musayese nokha. Titaligawa pakati tinapeza tcheni chatamuka moti chimagunda khoma lamkati mpaka kusiya mkwasa, ndichomwe chimalumpha mano chikalemedwa. Ndinajambula pa foni chilichonse ndisanachotse, makamaka timipira tachitsulo ndi timasipuling'i ta selector (chosinthira 2H, 4H ndi 4L), timenetija tikagwa mufumbi basi simungatipezenso.

Ndinasintha tcheni, ma seal onse ndi bearing imodzi yomwe inkalira, nkutsuka zonse ndi parafini, kupaka silikoni mochepa, kumanga mabawuti mopingasa. Oilo ndinathira 75W-90 mpaka atayamba kutulukira pabowo lothirira. Ndinayesera pamsewu wafumbi osati patala, 4H ndi 4L (yokoka matayala onse anayi mwamphamvu koma pang'onopang'ono) zonse zikulowa, phokoso lija zii.