Kuwoloka pa Sitima Kuchoka ku Dar es Salaam Kupita ku Zanzibar

Sitima zothamanga za Azam Marine, zija zotchedwa Kilimanjaro, zimatenga pafupifupi maola 2 kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Stone Town, dera lakale la mzinda wa Zanzibar. Pokwerera pake ndi pa msewu wa Sokoine Drive, moyang'anana ndi tchalitchi cha St Joseph's Cathedral. Wa bajaji (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu) mumuuze dzina la tchalitchicho, chifukwa mukangoti "feri" angakutuleni pokwerera pantoni yopita ku Kigamboni.

Pachipata amakuchingamirani anyamata okopa anthu. Wina anena kuti sitima yadzaza, wina akulondolerani ku kaofesi kapambali komwe mtengo wake ndi wowonjezera. Musawapatse ndalama kapena pasipoti. Tikiti gulani pawindo la kampani mkati mwa nyumba yokwerera, kapena pa intaneti dzulo lake, ndipo dzina lolembedwapo lifanane ndi la pa pasipoti. Mlendo amalipira zambiri kuposa nzika ya Tanzania. Limenelo ndi dongosolo lawo, sikuti akuberani.

Chomwe chimasiyitsa anthu ambiri sitima ndi kawerengedwe ka nthawi. M'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, choncho "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa, ndipo "saa kumi jioni" ndi 4 koloko madzulo. Komanso wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi. Fikani kwatsala ola lathunthu, poti katundu amayamba wadutsa pa makina ounikira.

Pasipoti ikhale m'manja. Zanzibar ndi mbali ya Tanzania, koma ili ndi boma lakelake, ndipo padoko pamakhala a imigireshoni. Kuyambira pa 1 October 2024, alendo akunja amafunikanso inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation. Iguleni pa intaneti musanakwere.

Zikwama zikuluzikulu zimaikidwa m'ngolo zapadera ndipo mumazipeza potsika. Mangani kansalu kowala pa chanu, poti zakuda zimafanana. Wonyamula katundu mugwirizane naye mtengo asanachigwire.

Nyanja imawinduka kwambiri kuyambira June mpaka September, pomwe kukuwomba mphepo yochokera kummwera yomwe eni ake amati kusi. Amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera akudziwa momwe zimakhalira m'mimba. M'mawa madzi amakhala odekhako, choncho sitima ya 7 koloko ndiyo yabwino kwa ana ndi okalamba. Ulendo wovuta ndi wobwerera ku Dar es Salaam masana, chifukwa sitima imalimbana ndi mafunde maso ndi maso. Khalani m'chipinda chapansi, chapakati kapena kumbuyo, osati kutsogolo komwe imanjanja. Mankhwala oletsa mseru imwani kwatsala mphindi 30 mpaka ola, chifukwa mseru ukayamba sathandiza kwenikweni. Idyani pang'ono, zopanda mafuta, ndipo maso akhale kutali komwe nyanja yakumana ndi thambo, osati pa foni.

Pobwerera ku Dar es Salaam, ngati muli ndi basi ya ku Mbeya kapena ndege mawa lake, musadalire sitima yomaliza yamadzulo. Ikadzaza kapena akaiimitsa chifukwa cha mphepo, mugona pachilumba.