Kutsuka njinga yamoto kuno ku Mangochi: mchenga uyambe wachoka

Ndimagwira ntchito ya kabaza pa Mangochi boma, ndipo njinga yanga yamoto yofiira ya Lifo yandidyetsa zaka 4 tsopano. M'mamawa ndimanyamula amayi a geni ya nsomba ku Makawa, masana mwina ndawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Malindi. Sabata ikamatha njingayo imakhala itamwa fumbi, mchenga ndi madzi a usipa odontha m'mabasiketi. Ndiye Lachisanu m'mawa, ndisanapite ku mzikiti, ndimaisambitsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba.

Nditangoigula kumene ndinkachita zomwe anzanga ambiri amachita, kuilowetsa m'mphepete mwa nyanja n'kuikwecha ndi kansanza. Pasanathe miyezi 6 thanki inali itazilala, ili ndi timizere tating'onoting'ono tooneka ikawombedwa ndi dzuwa. Kansanza kaja ndinkakaviika m'madzi osakanikirana ndi mchenga, choncho ndinkapala penti ndi dzanja langa lomwe. Madzi analowanso m'mabering'i a tayala lakutsogolo mpaka ndinasintha. Ndipo oyilo amene amayandama pamadzi munthu ukachoka, ana amasambamo, amayi amatsukiramo mbale. Tungani madzi, mukatsukire kumtunda.

Konzani ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsanza. Pezani nsanza zofewa zitatu za malaya akale a thonje, mswachi wotha ntchito, palafini pang'ono m'kachitini, ndi pepala la pulasitiki. Sopo akhale wamadzi, ndipo madontho ochepa akwana. Sopo waufa wochapira zovala ndi waukali, amazilalitsa penti ndi kusiya zoyerayera pa injini.

Njinga ikhale itazizira. Injini yotentha mukaithira madzi ozizira zitsulo zimadzidzimuka, ndipo ekizozi imasiyidwa ndi mawanga. Ikhalenso pamthunzi, chifukwa dzuwa la kuno, makamaka mu Okutobala, limaumitsa sopo musanatsukuluze n'komwe. Imikani njinga pa sitandi yapakati, tsekani kukamwa kwa ekizozi ndi pulasitiki, ndipo muphimbe polowetsa kiyi.

Apa ndiye pagona nkhani yonse: musakhudze penti ndi nsanza fumbi lisanachoke. Tengani kapu, thirani madzi okhaokha kuyambira pa thanki kutsika pansi, pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu. Mudzaona madzi ofiirira akutsetsereka. Pitirizani mpaka ayambe kuyera, kenako yendetsani chala pathanki. Mukamva kukhakhala, mchenga udakalipo, thiraninso. Kukasalala m'pamene mutenge nsanza ya sopo, osakanikiza, ndipo musanaibwezere m'sopo muziyamba mwaitsukuluza m'ndowa inayo. Mukamaliza suzumirani pansi pa ndowa yotsukuluzirayo, mudzapeza mchenga umene ukanabwerera pa penti.

Nsanza ya kumatayala, masipoko ndi kunsi kwa madigadi ikhale yakeyake, isakwerenso kumtunda. Samalani pothira madzi pafupi ndi pulagi, kabuleta, batire ndi bokosi la sefa ya mpweya. Malo amenewa ingopukutani ndi nsanza yonyowa. Timipata ta injini timene timaiziziritsa timatsekeka ndi matope nthawi ya dzinja, ndipo mswachi umalowamo bwino. Amene mumanyamula nsomba ngati ine, tsukani kawiri keliyala ndi kunsi kwa mpando, poti madzi a nsomba akaumira pamenepo fungo limakakamira, ndipo kasitomala wovala bwino wopita ku ofesi amakwera ya mnzanu.

Tcheni ndimaipatsa nthawi yakeyake. Viikani mswachi m'palafini, kwechani tcheni uku mukuzunguza tayala ndi dzanja, injini ili yozima. Chonde musalize injini kuti tayala lizizungulira lokha, zala zimadukira pa sipuloketi, chitsulo chozungulira cha mano chimene tcheni imayendapo. Petulo musagwiritse ntchito, sachedwa kuyaka. Pukutani tcheni mpaka iume, kenako donthezani oyilo wa giya wa nambala 90 mkati mwa tcheni, ndipo wotsala pamwamba mumuchotse ndi nsanza. Ambiri amangokhuthulira oyilo wakuda wochotsedwa mu injini mpaka kuchita kudontha. Oyilo wochuluka choncho amagwira mchenga, ndipo ziwirizi zikasakanikirana zimadya mano a sipuloketi ngati tupa. Muli pomwepo kankhani tcheni m'mwamba ndi chala pakati pake, izisewera masentimita 2 kapena 3. Ine masipoko othyoka ndi mabawuti omasuka ndimawagwira nthawi imeneyi, maso ali pafupi.

Tsukuluzani njinga yonse, muipukute ndi nsanza youma madzi asanaume okha. Polishi wa galimoto amapakidwa pa penti youma komanso yozizira. Pakani pang'ono kwambiri pa thanki ndi m'mbali, dikirani achite mbuu, kenako pukutani ndi nsanza yoyera mpaka muone nkhope yanu. Kamodzi pamwezi n'kokwanira. Dzimbiri likayamba pa malimu kapena pa ekizozi yonyezimira, pindani kapepala ka foyilo, kaviikeni m'madzi n'kukwecha mopepuka. Waya wokwechera mapoto amasiya zipsera, ndipo dzimbiri limabwerera momwemo.

Pali malo omwe polishi kapena oyilo asafike: pampando, zogwirira, popondera, mabuleki ndi matayala. Ndinaonapo mnyamata wina atapaka mafuta mpando kuti uziwala. Atangogwira buleki pa raundabauti, mayi amene anawanyamula anatsetsereka n'kudzamugunda kumsana, pang'ono agwe onse awiri.

Pomaliza chotsani mapulasitiki aja, lizani injini kwa mphindi 5 kuti chinyezi chiume. Musananyamule munthu, yendani nokha pang'onopang'ono mamita 100 uku mukugwira ndi kusiya mabuleki onse awiri, chifukwa akanyowa sagwira msanga. Mukamva kuti ayambanso kuluma bwino, pitani pa siteji.