Mmene ndinapezera nyali yakumbuyo ya Fielder yanga

Njinga yamoto ya kabaza inaswa nyali yakumbuyo, ya kumanzere, ya Toyota Fielder yanga ya 2008. Ndinamata ndi selotepi yofiira, koma mvula itagwa madzi analowa, babu la mabuleki n'kupsa. Ndi apolisi apamsewu, sindikanapitiriza kuyenda choncho.

Poyamba ndinaitanitsa nyali ina pa WhatsApp, ndikungotchula nambala ya mtundu wa galimoto kuti "Corolla NZE141". Inabwera ya Axio, mtundu wina wa Corolla. Ngakhale kuiyerekeza pagalimoto sikunatheke, ndipo ndalama ya thiransipoti inapita.

Vuto linali chilembo chimodzi. Axio ndi NZE141, pomwe Fielder ndi NZE141G. Kutsogolo zimafanana ndithu, koma kumbuyo nyali zake n'zosiyaniratu.

Ndiye ndinamasula nyali yoswekayo ndi sipanala ya 10, n'kupita nayo ku msika wa Ndirande. Apa m'pamene panagona nkhani: pa galasi la nyali pamakhala dzina la kampani yoipanga ndi nambala, timalemba tating'ono totukuka timene umatimva ndi chala usanatione. Ndinapukuta fumbi, n'kuwerenga nambala ija pamodzi ndi wogulitsa. Pa nyali zitatu zimene anatulutsa, imodzi yokha ndiyo inagwirizana.

Ndisanalipire ndinati, "Achimwene, tiyese kaye." Tinalumikiza pulagi pagalimoto pomwepo, mnyamata wake akuponda buleki ndi kuyatsa indiketa. Ndinayang'ananso timapazi ta mabawuti ngati sitinamatidwe ndi guluu, komanso labala yotchinga madzi, poti imeneyi ambiri amaiiwala.

Ndinalipira K90,000, babu latsopano K2,500. Kumanga kunatenga mphindi 15.