Mukapita kukayenda m'nkhalango, yendani ngati mlendo wodziwa malo

Anthu ambiri akamakonza ulendo wokaona nkhalango amaganiza za mitengo, mbalame ndi mthunzi basi. Amaiwala kuti asanafike pa mtengo woyamba adzadutsa m'minda ya anthu, m'malo odyetsera ziweto, mwinanso kuwoloka khwawa limene mabanja amatungako madzi. Malangizo anga ayambira pamenepo, chifukwa mikangano yambiri ya alendo ndi eni malo imabadwira kunja kwa nkhalango.

Nkhalango iliyonse ili ndi mwini wake, kaya ndi boma, mudzi, kampani kapena munthu mmodzi. Musananyamuke fufuzani kuti ndi ya ndani, pemphani chilolezo, ndipo funsani pomwe pali malire. Safunsa anadya phula. Anthu okhala pafupi ndi amene amadziwa pomwe pali njuchi zolusa, misampha, maenje ndi mlatho wothyoka. M'minda tsatani njira yomwe ilipo kale ngakhale ikhale yozungulira. Phazi limodzi silioneka ngati kanthu, koma gulu likamaponda malo amodzimodzi nthaka imalimba, madzi a mvula amalephera kulowa pansi, amathamanga pamwamba, ndipo kanjira kachidule kaja kamasanduka ngalande. Chipata mukachipeza chotseka, mukadutsa chitsekeninso. Galu akhale pa chingwe, ndipo musadutse pakati pa ng'ombe ndi mwana wake.

Tsopano mwalowa m'nkhalango. Pano ndikufuna muyang'ane pansi musanayang'ane m'mwamba. Timitengo tofika m'mawondo timene mukutiona ngati tchire wamba ndito nkhalango ya mawa. M'nkhalango za mitengo ya mombo, kamtengo kotere kakhoza kukhala ka zaka zingapo: kamayamba kukulitsa mizu pansi, kumtunda kukuuma n'kuphukanso chaka ndi chaka, mpaka mizu itapeza mphamvu. Munthu akakathyola kuti apeze kandodo kapena kothamangitsira ntchentche, wabweza m'mbuyo ntchito ya zaka zonsezo. Chimodzimodzinso mphukira za pa zitsa. Chitsa chimene chaphuka sichinafe, ndipo chikasiyidwa chimabweza mtengo msanga kuposa mbande yodzala, chifukwa mizu yake ndi yokhazikika kale.

Nkhani ya khungwa imandikhudza kwambiri, poti ambiri amene amawononga sadziwa kuti akuwononga. Kunsi kwa khungwa kuli mnofu wopyapyala umene umanyamula chakudya chopangidwa m'masamba kupita nacho ku mizu. Mukasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, kaya mukufuna luzi kaya mankhwala, mwadula njira imeneyi. Mtengo sufa tsiku lomwelo. Umaoneka wobiriwira kwa miyezi, chifukwa madzi amakwerabe kudzera m'kati mwa thunthu, koma mizu ikufa ndi njala pang'onopang'ono. Wosendayo amakhala atapita kale ndipo saona imfa imene wayambitsa. Ngakhale kulemba dzina ndi mpeni pa thunthu kumatsegula bala lolowera tizilombo ndi matenda oola mitengo. Chonde musatero, ndipo muwauze ana chifukwa chake, osangowaletsa.

Mitengo yakugwa ndi nthambi zoola zisiyeni pomwe zili. Imeneyo si nyansi. Chiswe, bowa ndi tizilombo tina timazigaya n'kubwezera chonde m'nthaka, ndipo m'mphako ndi momwe mbalame zina zimaswera.

Moto ndiwo umawononga kwambiri mwa nthawi yochepa. Kumapeto kwa chilimwe, udzu ukauma gwaa ndipo mphepo ikuwomba, kachidutswa ka fodya koyaka n'kokwanira kupsereza dera lonse. Moto wa nyengo imeneyi umatentha kwambiri kuposa wa kumayambiriro kwa chilimwe, ndipo umapha timitengo tija pamodzi ndi mphukira. Ngati mwini malo walola kusonkha moto, lambulani udzu ndi masamba kuzungulira, moto ukhale waung'ono, ndipo pochoka thirani madzi ndi dothi mpaka phulusa lizizire loti mungalikhudze ndi dzanja. Mukakumana ndi moto wolusa musathawire kumtunda kwa phiri, chifukwa moto umathamanga kwambiri pokwera mtunda kuposa potsika. Pitani pamalo popanda udzu, pamsewu, kapena pomwe papsa kale. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linanena mu lipoti lake la 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2020 dziko lapansi linkataya nkhalango yokwana mahekitala pafupifupi 10 miliyoni chaka chilichonse. Zambiri zimatha chifukwa chotsegula minda, koma yotsalayo isamapsenso chifukwa cha mlendo wosasamala.

Zinyalala zanu zonse zibwerere nanu. Jumbo ya pulasitiki ikaulukira kubusa, ng'ombe kapena mbuzi imaimeza, imatsekereza m'mimba, chiweto n'kumaonda mpaka kufa.

Tikambe za inu eni. Uzani munthu wina komwe mukupita ndi nthawi imene mubwerere, poti netiweki ya foni m'nkhalango siyodalirika. Nyamukani m'mawa, ndipo muziyamba kubwerera dzuwa likadali m'mwamba, chifukwa pansi pa mitengo mdima umafika msanga. Valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali. Tengani madzi akumwa okwanira. Madzi a mumtsinje ngakhale aoneke oyera musamwe osawiritsa, ndipo m'madzi odikha momwe muli nkhono musasambemo, muopeni likodzo.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri imangogona phee, kudalira mawanga ake ofanana ndi masamba ouma. N'chifukwa chake muziona pomwe mukuponda, ndipo musapise dzanja m'dzenje, m'mphako kapena pansi pa mwala. Chipika chikapingasa njira, pondani pamwamba pake kaye, muone mbali inayo, kenaka mutsike. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo mu 2017 linaika vutoli m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha. Wina akalumidwa, musatemere pabalapo, musayamwe ululu, ndiponso musamange mothinitsa ndi chingwe, chifukwa zimenezi zimawonjezera kuvulala. Muvuleni mphete ndi china chilichonse chothina kutupa kusanayambe, mwendo kapena mkono wolumidwawo usagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita naye kuchipatala mwachangu. Musataye nthawi kusaka njokayo.

M'nyengo ya mvula samalani ndi mphenzi. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mumve bingu. Masekondi 3 aliwonse ndi mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi, ndipo akachepera 30 ndiye kuti muli pangozi. Tsikani pa chitunda, chokani pabwalo loyera, ndipo musabisale pansi pa mtengo wautali woima wokha. Malo abwino ndi m'nyumba yolimba kapena m'galimoto yotseka.

Nyengo yomweyo bowa amamera paliponse, ndipo alendo amakopeka. Bowa amene simukumudziwa bwino musamuzule kuti mukadye, ngakhale afanane ndi wina amene munamuonapo kwina. Mitundu ina yakupha siionetsa chizindikiro mpaka patapita maola 6 kapena kuposa, ululu utayamba kale kuwononga chiwindi, ndipo kuphika sikuchotsa ululu umenewo.

Mukatuluka m'nkhalango, musanakwere galimoto kapena kulowa m'munda wina, chotsani njere zomata pa zovala ndi matope a ku nsapato, chifukwa udzu wovuta ngati chisoso umafalikira motero. Kenaka dzifufuzeni nkhupakupa m'khwapa, kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'mutu, ndipo anawo muwaone inuyo. Mukaipeza, igwireni pafupi penipeni ndi khungu, muikoke molunjika pang'onopang'ono osaifinya mimba, ndipo mutsuke pamalopo ndi sopo. Ngati m'masiku otsatira mwayamba kutentha thupi, kumva mutu kapena kutuluka zidzolo, pitani kuchipatala ndipo mukawauze adokotala kuti munali m'nkhalango ndiponso kuti munalumidwa ndi nkhupakupa.