Pa phiri la Mulanje tizule paini, titeteze mkungudza

Paini amene timamuona ku Chikangawa, ku Zomba ndi ku Dedza, yemwe akatswiri amamutcha Pinus patula, kwawo ndi kumapiri a ku Mexico, ndipo anabwera kuno m'nthawi ya atsamunda kuti tizichekako matabwa. M'minda ya mitengo imeneyo alibe mlandu. Koma pa phiri la Mulanje, kumene anabzalidwa m'madera ngati Chambe, njere zake zimauluka ndi mphepo n'kukamera m'mphepete mwa nkhalango, m'malo momwe mukanamera mkungudza.

Mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi. Mbande yake imafuna dzuwa, choncho paini akaitchinga n'kuyala pansi masamba ake onga singano, imafota. Pansi pa paini wothithikana udzu ndi maluwa sizimera bwino, ndipo tizilombo ndi mbalame zimasowapo chakudya. Nkhalango zachilengedwe za phirili ndizo zimasunga nadzikambe wina wosapezeka kwina, amene ngakhale dzina lake la sayansi, Nadzikambia, linachokera ku Chichewa. M'phiri lomweli ndi mochokera mitsinje ya Ruo, Likhubula ndi Thuchila, imene timamwa ndi kuthirira mbewu kumunsi kuno.

Magulu osamalira zachilengedwe m'midzi ayambe agwirizana ndi alangizi a zankhalango asanakwere, popeza phirili ndi lotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927. Paini wamng'ono muzuleni ndi manja nthawi ya dzinja nthaka ili yofewa, asanayambe kubala. Wamkulu mumudule m'munsi mwenimweni osasiya nthambi yamoyo pa chitsa, pakuti paini ameneyu akadulidwa motero saphukiranso ngati bulugamu. Chaka chotsatira bwererani pamalo pomwepo, chifukwa njere zimene zinagwa kale zimamera pakangolowa kuwala, ndipo apa ndi pamene ambiri amalekera ntchito panjira.

Moto ndi umene umapha mbande zambiri za mkungudza, makamaka wa alenje osaka nyama m'chilimwe. Lambulani njira zotchinga moto mu Meyi kapena Juni udzu usanaume kwenikweni. Mbande za ku nazale muziwokere mvula ikakhazikika, pamalo owala, ndipo muzipalire mozungulira mpaka zitaposa udzu msinkhu.