Momwe mungawerengere mphamvu ya madzi yomwe imathera m'paipi

Madzi akamatuluka mwaulesi kumapeto kwa paipi, ambiri amathamangira kudzudzula pampu. Nthawi zambiri vuto limakhala paipi yopapatiza. Madzi akamayenda amakhulana ndi khoma la m'kati mwa paipi, ndipo kukhulanako kumadya mphamvu. Mphamvu yotayikayi, imene amisiri amaitcha head loss, imawerengedwa m'mamita, ngati kuti paipiyo yakuwonjezerani chitunda choti madzi akwere. Mamita 10 ndi pafupifupi bar imodzi, muyezo wa pulesha ya madzi.

Titenge mlimi amene akupopa madzi kumtsinje kupita ku thanki ya kudimba: mtunda mamita 200, thanki ili mamita 15 pamwamba pa madzi a mumtsinje.

Choyamba, dziwani kuchuluka kwa madzi. Tcherani ndowa ya malita 20 n'kuwerenga nthawi pa foni. Ikadzaza m'masekondi 20, ndiye lita imodzi pa sekondi. Gawani ndi 1,000 kuti malita asanduke makyubiki mita, mupeza kuchuluka kwa madzi pa sekondi, Q = 0.001.

Chachiwiri, yezani kukula kwa m'kati mwa paipi. Apa mpamene ambiri amaphonya. Nambala yolembedwa pa paipi yakuda ya HDPE ndi ya kunja. Ya mamilimita 32 yokhala ndi khoma la mamilimita 2, m'kati mwake ndi 28 basi, choncho kukulako m'mamita ndi d = 0.028. Dulani kachidutswa muyeze nokha, chifukwa paipi yopirira pulesha yaikulu imakhala ndi khoma lochindikala, bowo lake n'kuchepa.

Chachitatu, sankhani C, nambala yosonyeza kusalala kwa paipi. Pulasitiki yatsopano, PVC kapena HDPE, ndi 150. Yachitsulo ya galvanised ndi 120, ndipo ikachita dzimbiri imatsika kufika 100 kapena kutsikirapo.

Tsopano lowetsani manambalawa mu fomula ya Hazen-Williams, L akuimira kutalika kwa paipi m'mamita, hf ndi mphamvu yotayika ija m'mamita:

hf = 10.67 × L × Q^1.852 ÷ (C^1.852 × d^4.87)

Kakyuleta ya m'mafoni ambiri mukaigoneka cham'mbali imaonetsa batani la x^y. Q^1.852 ikupatsani 0.00000278, C^1.852 pafupifupi 10,700, d^4.87 ndi 0.0000000274. Yankho lake ndi mamita 20. Taonani: chitunda chenicheni ndi mamita 15, koma paipi yokha yadya 20.

Nambala ya 4.87 ija ndiye mwini nkhani. Paipi ya mamilimita 40, m'kati mwake 35.2, imataya mamita 6.6 okha pa madzi omwewo ndi mtunda womwewo. Ya 50, m'kati mwake 44, imataya 2.2. Kusiyana kwa bowo kumene maso sangakuone msanga pa shelefu ya hadiweya kumachepetsa kutayikako katatu. Komanso mukachulukitsa madzi kawiri m'paipi yomweyo, kutayika kumakwera ka 3.6, n'chifukwa chake kugula pampu yaikulu osasintha paipi kumangotha mafuta.

Onaninso liwiro la madzi: v = Q ÷ (0.785 × d × d). M'paipi ya 32 akuthamanga mamita 1.6 pa sekondi, ya 40 mita imodzi. M'mapaipi apulasitiki musapitirire 1.5, apo ayi mukatseka vavu mwadzidzidzi madzi amagunda paipi ndipo majointi amayamba kudontha.

Ma elbow, mavavu ndi sefa nazonso zimadya. Pa paipi yaitali onjezani magawo 10 pa 100 alionse a hf. Mukatero, pampu yokankha m'paipi ya 32 ikufunika mamita 15 + 20 + 2 = 37, pomwe ya 40 ikufuna pafupifupi 22. Tengani nambalayo muyang'ane pa tchati cha pampu ngati pa mamita amenewo imaperekadi lita imodzi pa sekondi. Nambala ya max head yolembedwa pa bokosi isakunyengeni, ndi pamene madzi amasiyiratu kutuluka.

Ngati madzi akutsika okha kuchokera m'thanki, funso limatembenuka. Thanki ili mamita 10 pamwamba pa dimba, paipi ndi ija ya 32 ya mamita 200: gawani 10 ndi 20 (hf yomwe tinapeza pa lita imodzi pa sekondi), yankho mulikweze ndi 0.54 pa batani lomwe lija. Mupeza malita 0.7 pa sekondi, ndowa kudzaza m'masekondi pafupifupi 30. Ikamatenga mphindi yathunthu, yendani motsatira paipi: mwina yapindika penapake, mwalowa matope, kapena mpweya watsakamira pomwe paipi yakwera kachulu.